Pensulo ya Helen

1. Uthenga wochokera kuchipatala

Linali Lachinayi masana, mwezi wa Okutobala chaka cha 1996, dzuwa likuswa mtengo. Towela, mtsikana wa Giledi 12, ankachapa yunifolomu kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata pamene amayi ake analowa pageti akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Ankachokera kuchipatala kumene anakagoneka bambo awo, a Amock Njobvu, amene adzukulu onse ankawaitana kuti Asikulu. Mkuluyu anali atakhala zaka zitatu osaona chifukwa cha ng'ala.

"Towela! Siya vochapa ivo, bwela umvele!" anafuula amayiwo. "Opaleshoni yayenda bwino. Ba dokota bakamba ati mailo pa Chisanu kuseni bazachosa bandeji. Asikulu bako bazayamba kuona!"

Mwana wina aliyense akanalumpha ndi chimwemwe. Towela anangoti kakasi, sopo ali m'manja, thovu likutsikira m'zigongono.

"Nanga iwe, sunamvele? Elo banituma. Ati bakafika pano mailo masana, basanamwe na manzi, bafuna kupeza buku ya Helen pa tebulo. Ndiye chinthu choyamba chamene bafuna kuona na maso yao."

"Namvela, amama," anayankha Towela ndi mawu ouma.

Amayi analowa m'nyumba nyimbo ikadali pakamwa. Towela anakhala pansi pafupi ndi beseni. Buku la Helen munalibe m'nyumbamo. Linali ku Kabulonga, kumayadi kwa anthu olemera, ndipo amene analitulutsa anali iye mwini.

2. Chipinda cha mabuku

A Njobvu anagwira ntchito yosanja zilembo pakampani ina ya boma yosindikiza mabuku kwa zaka makumi atatu. Kampaniyo itagulitsidwa n'kutsekedwa, anzawo anathamangira kugula mathakisi, ena kumanga tuntemba, timashopu ta m'mbali mwa msewu. Iwo anakagula matabwa ndi njerwa n'kusanja mashelefu m'chipinda chaching'ono cha kumapeto kwa nyumba.

Anthu a mu Kabwata anaseka mpaka kugwira nthiti. Ankati munthu wochotsedwa ntchito amasunga chimanga, osati mapepala. A Njobvu anali atayamba kutolera mabuku akadali mnyamata: ena m'makhonde a masitolo mu Cairo Road, ena kwa azungu a ku Woodlands amene ankalongedza kubwerera kwawo, ena kwa abusa opuma ntchito. Onse pamodzi anapitirira mazana anayi.

Buku lililonse ankalikutira ndi pepala la thumba la simenti, atalikuntha bwino n'kulisita. M'kati mwa chikuto ankalembamo ndi inki dzina la mdzukulu amene adzalitenge iwo akadzapita. Ngakhale maso atachita mdima, m'mawa uliwonse ankalowa m'chipindamo n'kuyendetsa chala pamsana pa mabuku onse, shelefu ndi shelefu, kuti amve ngati pali mpata.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo panalibe mdzukulu amene sanalimve kakhumi.

"Tamvelani, adzukulu anga," ankatero. "Ine nilibe munda, nilibe ng'ombe. Chimene nikusiyilani ni chipinda ichi. Welengani mpaka maso awawe. Gonani pansi apa, khalani pawindo, itanani anzanu abwele awelengele muno, sinikana. Koma buku lisadutse pakhomo ilo. Nagwila nchito na mapepala moyo wanga wonse, niwadziwa bwino. Buku likatuluka limapeza mvula, limapeza ana osasamba m'manja, limapeza mayi wofuna pokulungila vitumbuwa. Musaganize kuti wobweleka amakhala na mtima woipa, iyayi. Amangokhala kuti sadziwa chimene wanyamula. Iwe mwini nyumba ndiwe udziwa. Tsono akakupempha mnzako, umukanile pamaso, akwiye lelo, mawa muzasekanso. Wamva?"

Pa mabuku onsewo panali limodzi limene mkuluyu ankaligwira ndi manja awiri. Linali buku la nkhani la Chingelezi, laling'ono, limene mwana wawo wotsiriza, Helen, ankawerenga ali kusekondale. Helen sankatha kuwerenga pensulo ili patali. M'mbali mwa masamba onse analembamo matanthauzo a mawu ovuta m'Chinyanja, mwinamo n'kumakangana ndi anthu a m'nkhaniyo. Pena analemba kuti, "Wabodza iwe!" Pena, "Usakwatiwe naye, mwana wa amayi."

Helen ndi mwamuna wake anamwalira motsatizana mu 1993. Maliro asanazizire, abale a mwamunayo anabwera ndi lole n'kusesa nyumba yonse: mipando, mbale, sutikesi ya makalata, ngakhale zithunzi za paukwati. Anangosiya mwana, Lubuto, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi Towela. Padziko lonse lapansi, dzanja la Helen linatsala m'buku limodzi lokhali. M'kati mwa chikuto chake munali dzina la Lubuto, ndipo Asikulu anamulonjeza kuti adzalilandira akadzamaliza Giledi 7.

Towela ankadziwa zonsezi kuposa wina aliyense, chifukwa zaka zitatu za mdima ndiye ankawawerengera Asikulu. Koma chaka chimenecho buku lomwelo linabweranso pamayeso a Giledi 12, ndipo Towela anayamba kukhoza modabwitsa. Mnzake wa m'kalasi, Exildah Kabamba, amene ankabwera kusukulu pagalimoto, anamufunsa chinsinsi chake.

Tisanamizane, kufunsidwa nzeru ndi mwana wa ku Kabulonga kumakoma. Towela anadzitama, pakamwa panatsetsereka, ndipo m'mawa mwake buku linali m'chikwama. Pampata pake anaikapo kabuku kakale ka malamulo a pamsewu, atakakutira ndi pepala la simenti. Chala cha Asikulu chinkadutsapo tsiku ndi tsiku osakhumudwa.

Exildah anati sabata imodzi yokha. Panapita masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsopano a Giledi 12 anali atauzidwa kuti aziwerengera kunyumba.

3. Ulendo wa ku Kabulonga

Towela anasiya zovala m'madzi, n'kuuza amayi ake kuti akukafunsa masamu kwa mnzake. Bodza lachiwiri silinavute kutuluka ngati loyamba lija, la kabuku konyenga ka pashelefu.

Anakwera minibasi mpaka m'tauni. Pasiteshoni anaona ina yopita ku Kabulonga itatsala pang'ono kudzaza, ndipo anathamangira kukhala pampando wa kumbuyo. Sanadziwe kuti theka la anthuwo anali anyamata a pasiteshoni pomwepo, amene amakhala m'basi kuti ioneke yodzaza. Munthu weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete n'kukakhala mu ina.

"Ba kondakita, tiyenda liti?" anafunsa Towela patapita theka la ola.

"Manje manje, sisita. Mmodzi chabe!"

Mmodzi chabeyo anatenga ola lathunthu. Pawindo Towela ankaona mayi wina wogulitsa nshawa, mtedza wokazinga, akung'amba tsamba m'buku lopanda chikuto, n'kulipinda ngati fanulo, n'kuthiramo nshawa. Anatembenuzira nkhope kwina, koma phokoso la kung'ambikako linkamupezabe.

Anafika ku Kabulonga dzuwa litapendeka. Misewu inali zii, mipanda italiitali, pamwamba pake mabotolo osweka. Anagogoda pageti lakuda ndi mwala. Agalu anauwa m'katimo, kenako kawindo ka pageti kanatseguka.

"Ufuna ndani?" anafunsa mlonda.

"Nifuna Exildah. Ndine munzake wa kusukulu."

Exildah anatuluka atavala masilipasi. Atamuona Towela, sanamwetulire ngati masiku onse. Anayang'ana pansi, manja atawabisa kumbuyo.

"Shani, Towela?" anamulonjera.

"Nabwela kutenga buku. Asikulu banga babwela mailo, elo bazayamba kuona. Iliko?"

"Iliko."

Towela anapuma mpweya wautali, misozi ya chimwemwe n'kulengeza m'maso. Anatsala pang'ono kumukumbatira.

"Koma Towela, mvela, pali chinthu chamene..."

"Exildah! Ni ndani uyo pa geti?" anaitana mawu a munthu wamkulu kuchokera pakhonde. "Ngati ni mwine wa buku, mungenise. Nifuna kumuona."

4. Ulemu wa Mayi Kabamba

Mayi Kabamba anali munthu wamtali, wa magalasi olendewera pachifuwa. Anakhalapo mphunzitsi wamkulu kwa zaka zambiri asanayambe malonda a katundu wa ku Joni, ndipo ankalankhulabe ngati ali kutsogolo kwa ana a sukulu yonse. Anamukhazika Towela pampando wofewa, n'kumupatsa chakumwa chozizira. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku.

Towela sanalizindikire msanga. Pepala la simenti lija panalibe. Bukulo linali m'pulasitiki yonyezimira, yomatidwa bwino m'makona.

"Mwana wandi, nifuna nipepese," anayamba Mayi Kabamba. "Buku iyi ninaipeza pa bedi ya uyu munzako, na nsoni zinanigwila. Peji iliyonse yolembewa-lembewa monga chipupa cha ku toileti ya pa maliketi! Ine naphunzisa bana zaka twente-faifi. Mwana wolemba mu buku nenze kumugwadisa pa zuba mpaka belu. Buku si kope. Buku ni chinthu cha ulemu, ufunika kusamba kumanja usanaigwile. Imwe bana ba masiku yano muona monga vinthu vimagwa kumwamba. Manje ine mu nyumba yanga, chinthu chobweleka chimabwelela kwa bene chili bwino kuchila mwamene chinabwelela. Ndiye ninamukhazika pansi uyu, ine uku, eve uku. Masiku yatatu kufuta! Malabala yabili yanasila. Ona manje mwamene yaonekela. Ukabapase ba shikulu bako, ubauze ati ba Kabamba bapepesa."

Anamupatsa bukulo akumwetulira ndi mtima wonse.

Towela anatsegula tsamba loyamba. Dzina la Lubuto linalipo, chifukwa linali la inki. Anatsegula lachiwiri, lachitatu, lakhumi. Anapita pakati, anathamangira kumapeto. M'mbali monse munali mbee. Pamene panali "Wabodza iwe!" panangotsala pepala lokhakhala pang'ono. Mumsoko wa bukulo munali tinyenyeswa takuda ta labala, ndipo titagwera pasiketi yake anachita mantha kutisasa.

Anafuna kukuwa. Anafuna kugubuduzika pakhonde lopolishidwalo ngati namfedwa. Koma Towela analeredwa m'nyumba imene mwana sakweza mawu pamaso pa wamkulu, makamaka wamkulu amene wakupatsa mpando ndi chakumwa. Anagwada pang'ono, buku lili pachifuwa.

"Zikomo, amama," anatero.

"Awe, palibe kanthu. Uli na ulemu iwe. Exildah, tengelako chisanzo kuli munzako."

Atafika pageti, Towela anamugwira Exildah pamkono mwamphamvu.

"Unalekelela bwanji? Unenze kuti iwe?"

"Ninabauza!" Exildah anali akulira kale. Anaonetsa zala zake zotupa. "Ninabauza ati sindine ninalemba, vinalimo kudala. Bakamba ati olo, buku ni buku, ifunika kunkala yoyela. Ba mami ubaziba, sibamvela munthu."

"Unabauza ati wamene analemba anafa? Unabauza ati ni mai wake wa Lubuto, ati kulibe chinangu chamene anasiya?"

Exildah anatsegula pakamwa, maso ali tong'o.

"Towela, iwe sunaniuzepo ivo. Unakamba chabe ati ni buku ili na maansa."

Zinali zoona. Towela anamusiya mkono, natuluka pageti osatsanzika.

5. M'mawa wa Lachisanu

Kunacha bwino, ngati kuti palibe chimene chalakwika. Amayi analawirira kuchipatala. Lubuto ankavala yunifolomu uku akuvina, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Ba Towela, Asikulu bazaniziba? Pamene banalekela kuona nenze kafupi so. Manje nafika apa!" Anadziyeza pachitseko. "Niluke bwino sisi, bakanione nili smati."

Towela anamuluka. Kawiri konse chipeso chinamugwa m'manja.

Mwanayo atapita kusukulu, Towela anatseka chitseko cha chipinda cha mabuku. Anachotsa pulasitiki ija, nasita pepala lina la simenti, nakutira bukulo monga linalili. Kabuku ka malamulo a pamsewu anakachotsa pashelefu n'kukabisa pansi pa matiresi.

Kenako anasongola pensulo. Mawu a Helen ankawadziwa pamtima, tsamba ndi tsamba. Anayesa kaye m'kope lake kulemba mopendekera kumanja, zilembo zazing'ono zothinana, monga ankalembera mayi ake aang'onowo. Anayesa kasanu. Zimene zinkatuluka zinali zilembo za Towela zitavala zovala za eni. Anaponya pensulo pansi pa tebulo.

Anaika buku pakati pa tebulo monga anauzidwira, nakhala pakhomo kudikira.

6. Tsamba 41

Thakisi inaima pageti nthawi ya chakudya cha masana isanakwane. A Njobvu anatsika okha, osagwiridwa dzanja, atavala magalasi akuda. Anaima pabwalo n'kuyang'ana mtengo wa mapeyala, denga, chingwe choyanikira zovala. Kenako anayang'ana Towela kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ha! Mawu nimawadziwa, koma mayi uyu ni ndani? Towela, unakula liti osaniuza?"

Anaseka, ndipo amayi ake a Towela analulutira mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Amayiwo anapita kukawafotokozera zonse, kuyambira pa mzere wa kuchipatala mpaka pa nsapato za dokotala. Nkhani yotere siitha msanga.

A Njobvu analunjika kuchipinda chawo, Towela akutsatira pambuyo ngati wopita kukaweruzidwa. Pakhomo mkuluyo anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mashelefu kuchokera pansi mpaka kudenga.

"Alipo onse," ananong'ona. "Mwawasunga bwino, adzukulu anga."

Anakhala pampando, napukuta manja pathalauza, natenga buku la Helen ndi manja awiri. Anatsegula chikuto. "Lubuto," anawerenga mokweza, nagwedeza mutu mokondwa. Anatsegula tsamba lina. Analibweretsa pafupi ndi nkhope, kenako analitalikitsa. Anatsegula lina.

Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala.

Anaimirira n'kupita pawindo. Anavula magalasi akuda, ngakhale dokotala anawaletsa, ndipo diso lawo lofiira la opaleshoni linayamba kutuluka misozi chifukwa cha kuwala. Anawerenga mzere umodzi wa Chingelezi bwinobwino, osaphonya liwu. Kenako anayang'ananso m'mbali mwa tsambalo, napendeketsa buku uku ndi uku.

"Zosindikiza niziona," anatero pang'onopang'ono. "Inki niyiona. Koma pensulo yakana."

Anatembenukira kwa Towela.

"Dokotala ananichenjeza kuti tinthu tosaoneka bwino tingavute. Nachedwa nalo diso ili, Towela. Usiku wonse m'chipatala muja nimaganiza kuti mawa nizaona dzanja la mwana wanga. Basi, Mulungu wanipatsa theka. Nisadandaule."

Anabwerera pampando ngati munthu amene wakalamba zaka khumi pa mphindi imodzi. Anavalanso magalasi, namupatsa Towela bukulo.

"Niwelengele iwe, monga kale. Tsegula tsamba 41, paja ananena za ine."

Towela anatsegula. Tsamba 41 linali loyera m'mbali ngati ena onse. Koma mawuwo anali m'mutu mwake, onse, ndi malo ake omwe. Panja amayi ankasekabe ndi anzawo. M'chipindamo munalibe wina woti n'kusuzumira. Khomo lothawira linali litatseguka lokha, ndipo amene analitsegula anali Asikulu eni ake.

Anayamba kuwerenga za m'mutu mwake.

"Uyu ali ngati Atate. Akakwiya amayamba kupukuta magalasi..."

"...ngakhale ali oyela kale," anamalizitsa a Njobvu, akuseka misozi ili m'masaya. "Mwana wachipongwe uyu! Pali pati? Nigwilitse chala pamene analemba. Ngakhale siniona, nikhudzepo chabe."

Anatambasula dzanja. Chala chija, chimene chinadutsa pa kabuku konyenga masabata asanu ndi limodzi osadziwa, chinali kudikira m'mwamba kuti Towela achitsogolere.

Towela anachigwira. Chinali chofunda. Anachitsitsa mpaka pafupi ndi pepala, ndipo pamenepo analephera. Anagwada pansi, kulira kunamutuluka kosaletseka.

"Asikulu, maso yanu yali bwino! Yali bwino maningi. Palibe chamene chalembewa apo. Vonse vinafutiwa. Ndine ninalakwa."

Anafotokoza zonse, osasiya kanthu: kudzitama kwake, chikwama, kabuku ka malamulo a pamsewu, Mayi Kabamba ndi malabala awo awiri, ngakhale pensulo imene inali pansi pa tebulo.

7. Mwini wake

A Njobvu sanamudule mawu. Atamaliza, anatenga bukulo n'kutsegula masamba onse limodzilimodzi, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ngati munthu woyenda m'nyumba imene akuba asesa. Zinatenga nthawi yaitali. Towela anakhalabe chogwada, mawondo akuwawa pasimenti.

Potsiriza anatseka buku.

"Nakwiya, Towela," anatero. Mawu awo anali otsika, ndipo zimenezo zinaopsa kuposa kukuwa. "Sinikubisila. Chibadwile sininakwiyepo na mdzukulu monga nakwiyila lelo. Abale a mwamuna wa Helen anabwela na lole masana, tonse tikuona, ndipo tinawatcha akuba. Chimene iwo anasiya, watulutsa ndiwe m'chikwama cha kusukulu, kuti mwana wa ku mayadi akuone kuti ndiwe munthu. Mayi uja sinimuimba mlandu. Anachita zimene adziwa, ndipo anatuluka nazo thukuta. Mnzako sinimuimba mlandu. Amene anadziwa chimene chili m'buku ili ni iwe wekha. Unaniwelengela zaka zitatu, unaniona nikulila pa masamba awa. Ndipo m'mawa uliwonse unali kuima apo, kuona nkhalamba yakhungu ikusisita malamulo a pamsewu."

Towela anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda pansi.

"Koma nikuuze chinanso, chifukwa munthu afunika kumva zonse. Ukanapitiliza kuwelenga paja, nikanakhulupilila. Lolemba nikanabwelela kwa dokotala kukamuuza kuti nchito yake yalepheleka. Nikanakhala masiku anga otsala nikutukwana diso labwinobwino. Unali na njila yopulumukila, sunaitenge. Icho nachiona. Sichibweza pensulo ya Helen, koma nachiona."

"Munikhululukile, Asikulu."

"Ine? Za ine tizakamba tsiku lina, mtima ukatsika. Lelo ulibe nane mlandu waukulu. Tsegula chikuto, uwelenge dzina lili m'menemo."

Towela sanafunike kutsegula.

Nthawi yomweyo geti linalira panja. Kunamveka timapazi tothamanga pabwalo, chikwama chikugunda pamsana, ndi mawu a amayi akuti, "Pang'ono pang'ono iwe, uzagwa!"

"Asikulu! Asikulu! Muli kuti? Muniona?"

A Njobvu anapukuta m'maso ndi mpango, nakonza kolala ya shati. Kenako anaika buku m'manja mwa Towela n'kumupinda zala kuti aligwire.

"Nizamuona kaye, nimuuze kuti wakula. Izo ni zanga, usanilande. Nikamaliza nizatuluka, nizatseka chitseko. Iwe uzatsala naye muno, umuuze wekha chimene chachitika kwa amayi ake."

"Asikulu, ali na zaka naini chabe. Nizayambila pati?"

"Sinidziwa, mdzukulu wanga. Imilila. Wafika."

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Lubuto anaima pakhomo akupuma mofulumira, tsitsi lolukidwa bwino lija lili ndi fumbi la m'njira. Anayang'ana Asikulu, nayang'ana Towela amene ankadzuka pansi maso ali ofiira. Kenako anaona chimene chinali m'manja mwake, ndipo nkhope yonse inawala.

"Iyo ni buku ya amama banga!" anatero. "Asikulu, munipasa lelo?"